Mphaka Wofulidwa ndi Chinkhoswe cha Dailesi

Mphaka ine sindinamupemphe. Ndili ndi ana oti ndidyetse, fodya woti ndisankhe, ndi msana umene suvomera kuwerama. Koma Lachiwiri lija mwana wanga woyamba, Dailesi, anatsika pa njinga yamoto ya kabaza atakumbatira katoni ngati muli mazira.

"Pang'onopang'ono, mayi, musagwedeze," anatero ndisanaikhudze n'komwe.

M'katonimo munali Sikono, kamphaka kofiirira kamene Jonasi anamupatsa mwezi wathawo. Jonasi ndi mnyamata wa ku Nsaru amene akufuna kumukwatira. Anzake amapatsa chibwenzi chitenje kapena foni. Iye anabweretsa chinthu chofuna kudya. Kanali katagona chammbali, kalilime kali panja, ndipo m'khosi anakaveka chipulasitiki chozungulira mutu ngati mbale yobooka pakati.

"Kafa?" ndinafunsa.

"Sanafe. Amubaya jakisoni wogonetsa. Ku Nsaru kwabwera madokotala a ziweto, akubaya agalu katemera wa chiwewe. Amphaka akuwafulanso."

"Kufula mphaka? Ndi tonde ameneyu?"

"A Jonasi ndi amene ananena. Akuti akakula asamakayende m'makomo mwa anthu, angamugende."

Kenako anayamba kundiuza malamulo ngati nesi wa kuchipatala cha Kabudula. Kasatuluke panja mpaka bala litapola. Kasadumphe. Kasasambitsidwe. Kadye pang'ono chabe madzulo, kangasanze. Kasakhale pamchenga kapena paphulusa, koma ting'ambire mapepala m'beseni lakale kazidzithandizira momwemo. Ndipo chipulasitikicho chisachoke m'khosi, chifukwa kakanyambita balalo litupa.

"Ine nditabereka iwe palibe anandiveka mbale m'khosi," ndinamuuza. "Loweruka ankhoswe a kwa Jonasi akubwera kudzagwirizana tsiku la chinkhoswe chako. Khonde silinazilidwe. Iwe ukulera mphaka."

Anayala chitenje chake chatsopano pansi kuchipinda kwake, n'kukagoneka pamenepo, n'kutseka chitseko.

*

M'mawa mwake ndinakumana ndi Gloria pamjigo. Gloria ndi mtsikana wa m'mudzi woyandikana nafe. Amathandiza amake Jonasi kugulitsa kaunjika pamsika wa Nsaru, ndipo dera lonse likudziwa kuti si kaunjika amene amamukokera kumeneko.

"Mwadzuka bwanji amake Dailesi? Nanga wodwala wagona bwanji?"

"Wodwala uti?"

"Mkamwini wanu wa miyendo inayi."

Azimayi anaseka. Ine ndinangoika ndowa pamzere.

"Ndinamuona dzulo Dailesi atamunyamula. Ndinajambula. Amayi aona chithunzicho."

"Amayi ake a ndani?"

"A Jonasi."

"Iwe Gloria, amako ali moyo, akuswa mtedza pakhomo panu okhaokha. Ukapeza nthawi ukawaitaneko iwowo kuti amayi."

Apa azimayi anaseka kwambiri, ine ndimvekere ndapambana. Koma mtsikanayo anangokonza duku lake.

"Ine ndangodabwa basi, sindinanene kanthu. Kamphaka kobadwira kuchipinda kwa mwamuna, kogona pa bulangete lake. Munthu n'kukatenga, n'kukakachotsa za umuna, ankhoswe atatsala pang'ono kubwera. Kenako n'kukamanga chinthu m'khosi, n'kukatsekera kumene iye amagona. Enafe tikanaopa, eti amayi?"

Kuseka kunatha. Mayi wina amene ndakhala naye pa benchi imodzi kutchalitchi zaka zonsezi anasuntha ndowa yake kuti isagundane ndi yanga.

*

Ndinapeza Dailesi atakhala pansi kuchipinda, akudyetsa Sikono usipa wosinja ndi chala. Kanali katadzuka tsopano, kakuyenda ngati chidakwa cha kachasu, chipulasitiki chija chikugunda khoma ndi miyendo ya bedi. Kakagunda kankaima n'kubwerera chambuyo.

"Foni yako yalira?" ndinafunsa.

"Yalira."

"Jonasi wati chiyani?"

Anandiwerengera, mawu ali pansi. "Dai, mayi akwiya kwambiri. Usandiimbire kaye."

"Iwe wayankha chiyani?"

"Ndafunsa ngati awauza amayi awo kuti eniakewo ndi amene ananena zokafula mphaka."

"Ndiye?"

"Awerenga. Sanayankhe."

Tili chomwecho foni inalira. Dailesi anailumphira mpaka mbale ya usipa inagubuduka. Anayang'ana, nkhope n'kugwa.

"Werenga," ndinatero.

"Akuti, Sikono wadya?"

Ndinakhala pa bedi. "Mwana wanga, ukumufunsa munthu za amake, iye akufunsa za mphaka. Ameneyo ndiye ukufuna ndimupatse malo omangapo nyumba kuseri kwa khola langa?"

"Mayi, simuwadziwa. Amawaopa amayi awo basi."

"Nanenso ndimaopa njoka, koma ikalowa m'nyumba sindifunsa ngati mphaka wadya."

Analemba uthenga wina, n'kuufufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Pomaliza anangojambula Sikono akunyambita chala chake n'kutumiza. Kenako anatukula kamchira mosamala kuyang'ana bala. Linali louma, laling'ono ngati pamene munthu wadzicheka ndi lumo.

*

Lachinayi dzuwa lisanatenthe, amake Jonasi anafika. Dzina lawo ndi mayi Felesita, munthu wamtali wovala magalasi a chingwe. Pambuyo pawo panali Gloria, atawanyamulira chikwama.

Ndinayala mkeka. Sanakhale.

"Sindinabwere kudzacheza. Mphaka wa mwana wanga ali kuti?"

"Takulandirani, mayi. Kwathu kuno timayamba ndi moni."

"Moni wanu musungireni amene simunawalodzere ana."

Dailesi anatuluka n'kugwada patali, monga ayenera kuchitira mtsikana kwa apongozi ake a mawa. Mayiwo sanamuyang'ane n'komwe. Analunjika ine.

"Ndifunse bwinobwino. Zimene anachotsa pa mphakayo zili kuti?"

"Zinthu zanji?"

"Musandipusitse, ndinu munthu wamkulu. Tikafula mbuzi timaziona, timadziwa kumene zapita. Za mphaka ameneyu anatenga ndani?"

"Anataya adokotala, amayi," Dailesi anayankha ali chogwada. "Anali ndi chidebe chawo."

"Unaona ndi maso ako akutaya?"

"Sankalola kulowa m'tenti."

"Mwamva?" Mayi Felesita anatembenukira kwa Gloria, ndi kwa anthu amene anali atayamba kuima kuseri kwa mpanda. "Sanaone. Kapena anaona, ali nazo m'kachikwama. Mphaka ameneyu anabadwira pansi pa bedi la Jonasi. Ankadya m'mbale yake. Thukuta la mwana wanga lili pa ubweya wake. Ndili ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, ine. Mukufuna abwere kuno chikamwini, azikulimirani fodya ngati ng'ombe yofula, osabereka, osayang'ananso kwawo?"

"Mayi," ndinatero, "ine ndikanakhala ndi mankhwala omanga mwamuna, bambo a ana awa sakanakhala ku Joni chaka chachisanu ichi osatumiza ndi sopo yemwe. Pitani mukamufunse mwana wanu amene ananena kuti mphaka afulidwe."

"Mwana wanga akuti sakudziwa kanthu."

Dailesi anatukula mutu. "Atero?"

Gloria anatsokomola, dzanja lili pakamwa.

Nthawi yomweyo Sikono analira kuchipinda. Mayi Felesita sanapemphe. Anandidutsa, n'kulowa m'nyumba mwanga ndi nsapato, n'kukankha chitseko. Tinawapeza atakagwira pamsana ngati khoswe wakufa, kakupalasa m'malere.

"Ichi n'chiyani? Ichi m'khosimu n'chiyani?"

"N'choti asanyambite bala, amayi, chonde musachotse."

"Kuyambira liti mphaka amaletsedwa kudzinyambita? Mwamutseka pakamwa kuti mwana wanga asamayankhule!"

Anakoka chipulasitikicho mpaka chingwe chinaduka. Kamphaka kanawakanda padzanja, iwo n'kukataya. Kanagwa pansi, n'kudutsa pakati pa miyendo ya Gloria, ulendo panja.

Mayiwo anapinda chipulasitikicho n'kuchiika m'chikwama. "Ichi akachiona amalume ake."

"Tulukani," ndinatero. "M'nyumba muno ndimakolopa ndine. Ndipo iwe Gloria, ukadzapondanso pakhomo pano udzanyamula mano ako m'chikwama chomwecho."

*

Tinakafuna mpaka dzuwa linapendeka. Kukhola, kunkhokwe, m'munda wa mbatata. Dailesi ankaitana mawu mpaka anasasa. Ine ndinasiya fodya yense ali pamphasa, ndikufuna mphaka amene sindinamupemphe.

Ndinakapeza m'chigafa, m'shedi yathu yoyanikamo fodya, katakwera pamtanda wapamwamba. Kanali katapinda msana, kakunyambita pabala paja osalekeza. Ndinakwera pa mtondo ndi msana wangawu n'kukatsitsa. Bala linali litatseguka, lofiira, lotupa, fumbi la fodya litamatirira.

Dailesi anaimbira dokotala uja pa nambala imene anamupatsa. Anati tiwiritse madzi, tithiremo mchere pang'ono, azizire, titsuke mopepuka ndi kansalu koyera. Tisapake phulusa, tisapake mafuta a galimoto, tisapake chilichonse. Chotchinga m'khosi chibwerere lero lomwe. Kakasiya kudya kapena pakatuluka mafinya, tipite nako.

Ndinatenga chigubu changa cha mafuta ophikira, chabwinobwino, n'kuchidula ndi mpeni. M'mphepete ndinasokerera nsanza kuti chisacheke khosi. Ndili pakati posoka ndinamva belu la njinga.

Anali Jonasi. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, n'kuvula chipewa, n'kunjuta patali.

"Odi, mayi."

"Odi wa chiyani? Amako analowa opanda odi, iwenso lowa."

Dailesi sanadzuke. Anali atafungata Sikono pamiyendo, beseni la madzi lili pambali.

"Dai," mnyamatayo anatero.

"Ndine Dailesi."

"Ndamva zimene zachitika."

"Mwamva kwa ndani? Kwa Gloria? Amakufotokozerani bwino, eti?"

"Gloria ndilibe naye kanthu."

"Ali ndi chikwama cha amayi anu. Ine ndili ndi mphaka wotupa. Munawauza amayi anu kuti simukudziwa kanthu?"

Jonasi anayang'ana pansi. "Anandifunsa akulira. Anali atagwira pamtima, BP itakwera. Ndinangoti ndidikire mtima utsike."

"Ndiye pamene mtima wawo ukutsika, ine ndikhale mfiti?"

"Sindinanene kuti ndiwe mfiti."

"Simunanene chilichonse. Vuto lake ndi limenelo."

Kamphaka kanayamba kupalapata, madzi amchere atakhudza bala. Dailesi yekha sakanatha.

"Iwe, usangonjuta ngati wabwera kumaliro," ndinamuuza Jonasi. "Gwira miyendo yakutsogoloyo."

Anabwera n'kugwira. Manja ake ndi aakulu, a munthu wolima, koma anakagwira bwino, chala chimodzi chikukasisita pamphumi. Ankakayankhula motsitsa, "Basi, basi, mnyamata, zatha." Kanaleka kulira. Dailesi anatsuka bala, mitu yawo itatsala pang'ono kugundana. Ndinaona misozi ya mwana wanga ikugwera pa dzanja la mnyamatayo, iye osalichotsa. Ndinaveka chigubu chija m'khosi n'kumanga mfundo iwiri.

"Tamvera, Jonasi," ndinatero. "Ine zachikondi zanuzi sizindikhudza. Chimene ndikudziwa n'chakuti dzulo pamjigo munthu anasuntha ndowa yake. Mwana wanga ali ndi azing'ono ake, nawonso adzafuna kukwatiwa. Loweruka ubwere ndi amalume ako, unene ndi pakamwa pako, anthu akumva. Ukalephera, njinga yakoyo isadzatsamirenso pa mango anga."

"Ndidzanena, mayi."

"Usandilonjeze ine. Ine sindikukwatiwa nawe."

Anayang'ana Dailesi. Dailesi anali akupukuta manja, maso ali kumbali.

"Ndidzanena, Dai."

"Tidzaona," anatero. Koma pamene mnyamatayo ankapita anamuperekeza mpaka pa msewu, ndipo anachedwako kuposa mmene msewuwo ulili kutalika.

*

Lachisanu kutupa kunayamba kuphwa. Sikono anadya usipa ndi phala, n'kugona tsiku lonse padzuwa lolowera pawindo. Ndinazira khonde ndekha. Uthenga wa Jonasi unabwera umodzi wokha: "Mawa ndibwera." Wa Gloria unabweranso, pa nambala imene Dailesi sanamupatse: "Uphike zambiri, alendo ena amadya asananene zoipa." Ndinamulanda foni asanayankhe.

Loweruka mchimwene wanga Gregory, amene ndi nkhoswe wa Dailesi, anafika m'mamawa atavala jekete. Alendo anafika dzuwa lili pamutu: a Simeon, amalume ake a Jonasi, ndi Jonasi pambuyo. Mayi Felesita sanabwere, koma chipulasitiki chija chinabwera. A Simeon anachitulutsa m'thumba n'kuchiika pakati pa mkeka.

Ine ndi Dailesi tinakhala pakhomo la khitchini, pamene mawu amafika.

A Gregory anafotokoza zonse mwaulemu. Anatulutsa ngakhale kamphakako kuti alendo aone kuti bala ndi bala chabe, ndipo chigubu ndi chigubu cha mafuta. A Simeon anasuntha mpando kuti kasawakhudze.

Kenako Jonasi anaimirira. Ndipo ananena.

"Amalume, amene ndinanena kuti mphaka akafulidwe ndine. Ndinamva pa wailesi kuti amakhala pakhomo, sadwaladwala. Dailesi anangochita zimene ndinamupempha. Mayi ndinawanamiza chifukwa cha mantha."

Dailesi anandigwira mkono mwamphamvu. Ine ndinapumira m'mwamba. Ndinati basi, tsopano atchule tsiku, tidye, ndibwerere ku fodya wanga.

A Simeon anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mwamumva, a Gregory? Mwana ameneyu chibadwire sanatsutsepo amake. Lachitatu anati sakudziwa. Lachinayi anabwera kuno, anagwira mphakayu ndi manja ake. Lero akuti amake ndi amene anamva bodza. Mlongo wanga ananeneratu kuti akadzayankhula chonchi, tidzadziwe kuti zagwira kale."

"Amalume!"

"Khala pansi, iwe."

Mwambo umati mayi asalowerere ankhoswe akamakamba. Ndinadzuka.

"Ndiye akakhala chete ndi wolodzedwa, akayankhula ndi wolodzedwa? Bambo, mwabwera kudzatchula tsiku kapena kudzatitukwana titakuphererani nkhuku?"

"Mlongo, bwerera kukhitchini," a Gregory anatero.

"Khitchini ndi yanga, ndibwerera ndikafuna."

A Simeon anakweza dzanja. "Sitinabwere kudzathetsa, mayi. Mnyamatayu wakana kudya, akuti akufuna yemweyu. Ndiye akuchimuna takhala pansi, tapeza njira. Ngati mwana wathu sanamangidwe, zioneke. Mtsikanayu ayambe waima. Mimba ikaoneka, tsiku la chinkhoswe mudzatchula nokha, ife tidzangovomera. Ikapanda kuoneka pofika kokolola, aliyense ayang'ane kwina."

A Gregory anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi jekete. Jonasi anali atagwira kumutu.

"Mwana wanga si mbewu ya chimanga yoti muyesere pa kamunda kakang'ono," ndinatero. "Atenge mimba alibe chinkhoswe, kutchalitchi amudule, kenako inu mudzati mimbayo si ya kwanu? Ndiye ine ndilere mphaka ndi mdzukulu? Nyamulani pulasitiki yanuyo. Nkhuku tidya tokha."

A Simeon anadzuka mosafulumira, n'kukutumula fumbi pa thalauza. "Mawu tasiya. Yankho mutipeza nalo ku Nsaru."

Jonasi anatsalira pang'ono pa mango paja, akuyang'ana kukhitchini. Amalume ake atamukuwira anakankha njinga n'kumapita.

Ndinalowa m'nyumba ndikutukwana ndekha. Dailesi anali atabwezera Sikono kuchipinda, atakhala pa bedi, foni ili m'manja, chala chili pamwamba pa zilembo.

"Wawamva anthu ako?" ndinatero. "Mulembere pompano. Umuuze kuti kwathu kuno zimenezo kulibe."

Sanalembe. Sanalirenso, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa.

"Ananena, mayi. Munati anene pamaso pa anthu, ndipo ananena."

"Ndiye?"

Anatembenuza foni, kuti ndisaone zimene zinali zitangolowa kumene.

"Mayi, kokolola si kutali, eti?"